Tsiku Limene Apongozi Anga Anamasulira Chitchaina

Chitchaina sindichidziwa, ndipo sindinachidziwepo. Koma kwa zaka ziwiri ndinali womasulira Chitchaina pa Nsaru, ndipo palibe anadandaulapo.

Zipani zitangochuluka, mkulu wina wa chigayo anagula kanema, deki ndi jenereta. Anamanga chisakasa cha mphasa kuseri kwa chigayocho n'kuchikuta ndi mapepala akuda kuti masana muzikhala mdima. Matepi anali nawo ochepa, onse akalekale, onse a karate. Anthu a m'menemo ankalankhula chakwawo, ndipo mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi anali odyeka theka. Popeza ndinalekezera Fomu 2, mkuluyo anati ndiziima pambali pa kanema Loweruka lililonse masana n'kumauza anthu zimene Matchainawo akunena. Ndinavomera. Ndinkangoyang'ana nkhope zawo n'kupeka.

Nthawi imeneyo ndinali pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi Nsaru komweko. Kwathu ndi ku Nambuma, ndipo kumeneko mayi anga anali okha, maso atayamba kuchita chidima, munda ukumera thengo. Ndinkafuna chitengwa, kuti andilole nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu. Olola anali amalume ake, koma iwo ananeneratu kuti adzayendera zimene bambo ake a mwana adzanene za ine. Nkhani yonse inali m'manja mwa apongozi anga aamuna.

Apongoziwo anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba. Asanalankhule ankatsokomola kawiri. Kukangocha ankaima kuseri kwa nyumba yanga n'kufunsa khoma kuti, "Kodi kwanu kumacha nthawi yanji?" Ndikamathirira nazale ya fodya kudambo ndi makheni awiri, iwo ankakhala pachulu n'kumati, "Manjawo ndi anu kapena munabwereka?" Ndinkayankha mwaulemu kuti ndi anga, koma mumtima ndinkawira.

Tepi imene anthu ankaikonda kwambiri inali ya mnyamata wina wopepera, amene aliyense ankangomumenya, mpaka anapita kwa nkhalamba ya nsidze zazitali kuti imuphunzitse ndewu. Nkhalambayo ndewu sinkaphunzitsa. Inkangomutungitsa madzi, kumuimiritsa ndi mwendo umodzi pa mphika, mazira ali m'khwapa, iyo ili phee kudya nkhuku. Loweruka lina, msana ukundipweteka ndi makheni, ndinaiyang'ana nkhalambayo ndipo mkwiyo unandikwera. Itatsegula pakamwa, ndinatsokomola kawiri n'kunena kuti, "Manjawo ndi anu kapena munabwereka?"

Chisakasa chinatsala pang'ono kugwa ndi phwete. Kuyambira tsikulo filimuyo inakhala ya mkamwini ndi apongozi ake, ndipo palibe ankakumbukanso kuti ndi ya karate. Akamwini a midzi yozungulira anadzitengera benchi yawoyawo. Dzira likasweka m'khwapa mwa mnyamatayo, benchi yonse inkabuula ngati lawaswekera iwo. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa ankakalipira nkhalambayo kuti igaweko ngakhale phiko la nkhuku, ndipo tsiku lina anaika chitumbuwa pamwamba pa kanema, akuti mwana wa eni angafe ndi njala. Bambo wina anaonera kangapo konse, koma nthawi zonse ankakuwa kuti, "Kumbuyo iwe, kumbuyo!" kenako n'kukhumudwa kuti mnyamatayo ndi wosamva. Panalinso mkangano wosatha woti kuuluka kwa Matchainawo ndi ufiti kapena n'chifukwa chodya mpunga wopepuka. Ine ndinkaweruza kuti ndi mpunga, ndipo ankandikhulupirira poti chinenerocho ndinkachimva ndine.

Mbiri ya chisakasacho inafika kumpingo. Akulu a mpingo anagwirizana kuti mmodzi wa iwo apite akaone ndi maso ake ngati Mkhristu angalowe m'menemo. Anasankha munthu amene ankadziwa kuti sangaseke.

Analowa filimu itayamba kale, n'kukhala kumapeto pafupi ndi khomo, chipewa chili pamaondo. Anthu onse ankayang'ana kanema. Ine ndekha ndi amene ndinkayang'ana anthu, choncho ine ndekha ndi amene ndinawaona. Ndinaona chitengwa changa chikupita.

Nkhalamba ija itatulukira, ndinaganiza zoitembenuza mtima. Pamene inkakwapula mnyamatayo ndi ndodo, ndinamasulira mofatsa kuti, "Mwana wanga, wagwira ntchito yabwino, kapume."

"Bodza!" anatero bambo wina wa pa benchi ya akamwini. "Sabata yatha sanatero!"

Ndinayesanso. Nkhalamba inamuponyera fupa la nkhuku kumaso, ine ndinati, "Idya, mwana wanga, ambuye akudalitse."

Mayi wa zitumbuwa anaimirira. "Iwe, usatipusitse. Ifenso Chitchainachi tinayamba kuchimva, wamva?"

Basi anandilanda ntchito. Nkhalamba itatsegula pakamwa, chisakasa chonse chinatsokomola kawiri pamodzi, anthu odzaza mabenchi, n'kufuula kuti, "Kodi kwanu kumacha nthawi yanji?" Anapitiriza choncho, mawu ndi mawu, osaphonya ngakhale amodzi. Sindinadziwe kuti ndinawaphunzitsa bwino chotero. Ndinkaba diso kuyang'ana kukhomo. Apongozi sanaseke, sanatuluke, ankangoyang'ana kanema.

Kumapeto kwa filimuyo mnyamata uja amagonjetsa adani ake onse, kenako amagwada kutsanzika nkhalamba. Pamenepo anthu nthawi zonse ankakhala ataimirira akukuwa, ndiye sindinkavutika kumasulira. Tsikulo ndinaona kuti zonse zawonongeka kale, palibenso choteteza. Mnyamatayo atagwada, ndinakweza mawu kuposa jenereta.

"Akuti, bambo, ndikupempha chitengwa. Mayi anga ali okha ndipo sakuona bwino."

Anthu analeka kukuwa, poti mawu amenewa anali asanawamvepo. Nkhalamba inayamba kuyankha. Pakamwa pake panayenda nthawi yaitali, nsidze zikukwera n'kutsika. Yankho silinali langa.

Kukhomo kunamveka kutsokomola kawiri.

"Akuti tengani," anatero apongozi. "Fodya akachoka m'chigafa, tengani muzipita."

Mitu yonse inatembenuka. Benchi ya akamwini itawazindikira inatha ngati mbewa zaona moto, ena anatulukira pansi pa mphasa. Mayi wa zitumbuwa, amene sankawadziwa, anawomba m'manja mwaulemu. "Eti abambo awa amachimva kuposa uyu," anatero. "Loweruka mubwerenso, abambo."

Tinabwerera kumudzi wapansi, iwo akukankha njinga, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Tinadutsa minda ingapo. Kenako ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Mtchaina uja satsokomola," anatero. "Ndinamuyang'anitsitsa pakhosi."

"Pepani, bambo."

"Mawu aja si anga, akamwini. Ndinawapeza m'mudzi uno. Ankandiuza ndi malemu apongozi anga, pachulu chomwe chija." Anaima n'kukonza tcheni cha njinga chimene sichinaguluke. "Kwathu ndi ku Kasiya. Ndinapempha chitengwa katatu, anakana. Uthenga wa maliro a mayi anga unandipeza kudambo, makheni ali m'manja."

Ndinali nditakhala m'mudzimo zaka zonsezo osaganizirapo kuti nawonso anabwera ngati ine, atanyamula mphasa ndi khasu. Ndinkangowaona ngati anamera pachulu pomwepo. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo mpaka lero ndikakumbuka amandigwirabe.

Kumpingo anakapereka lipoti lalifupi. Anati filimuyo ilibe choipa chenicheni kupatula kudya nkhuku mosagawana, koma womasulira wake ndi wabodza. Kwa amalume a mkazi wanga ananena zina, ndipo amalumewo analola.

Fodya atachoka m'chigafa, apongozi anamanga katundu wa mwana wawo panjinga n'kutiperekeza mpaka ku Nambuma. Anagwada pakhonde la mayi anga, n'kuwagwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene moni amafunira. Mayi, amene nkhope sankaziona bwino, anafunsa kuti mlendoyu kwawo n'kuti.

"Ku Kasiya, mayi," anatero apongozi. "Koma ndinachokako kale."