Tsiku Limene Ndinadzimva Ndekha

Zaka zimene malasha a ku Moatize anali pakamwa pa aliyense, mu Tete munalibe Loweruka lopanda ukwati. Mnyamata akangolandira ovololo ya kumgodi ndi nsapato zachitsulo kutsogolo, mwezi wachitatu mumamva kuti akukwatira, ndipo ankafuna bandi yamoyo, osati wailesi. Ine ndinatsika kwathu ku Angónia kudzagwira ntchito ya matayala pa kampani ina ya magalimoto onyamula katundu. Koma Loweruka ndinkaimba baisho, gitala wa zingwe zinayi zonenepa uja, amene anthu amamumvera m'mimba kuposa m'makutu.

Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi. Kuwerenga kwenikweni ndinadziphunzitsa ndekha, pa matumba a simenti ndi timapepala ta m'mabokosi a mankhwala. Vuto la munthu wodziphunzitsa yekha ndi lakuti cholembedwa chilichonse amachikhulupirira kuposa mayi ake omubala. Akazi anga ankati nditapeza pepala lonena kuti Zambezi ndi tiyi, ndikhoza kupita kumtsinje ndi shuga.

M'bandi tinalipo asanu. Mkulu wathu, amene tinkamutchula kuti mesitiri, anali bambo wa ku Matema, woimba ndi mawu, wamfupi, wosakonda kubwereza zimene wanena. Tinali ndi retorono imodzi yokha, koluna kapena kuti sipika yaing'ono yoyang'ana kwa oimba kuti azidzimva okha, ndipo inkakhala pamapazi a mesitiri ngati galu wawo. Ine malo anga anali kumbuyo, pakati pa woimba ng'oma ndi zenera limene jenereta inkalirira kunja kwake. Zaka zitatu ndinaimba baisho osamumva. Ndinkangoyang'ana zala zanga ndi chidendene cha mesitiri. Woimba ng'oma, mnzanga wa ntchafu zazikulu amene masana ankagulitsa mbatatesi, anali ndi njira yake yondithandizira: baisho akazilala, ankandibaya ndi kamtengo m'nthiti, kutanthauza kuti limbikira, sukumveka.

Tsiku lina pa ukwati wina ku Josina Machel chingwe chimodzi cha baisho chinakhwepa ndi kutentha, ndipo ndinaimba nyimbo yonse ndili kwina, anzanga ali kwina, ine ndikumwetulira alendo. Sabata imeneyo kumalo athu oyeserera kunabwera dalaivala wina wa ku Zimbabwe, akuti kudzangopereka moni. Moni wakewo anabwera nawo ndi baisho wakewake ndi koluna yaikulu ngati filiji. Atapita, mesitiri anandiitanira pambali.

"Mphwanga, Loweruka likudzali akukwatiwa ndi mwana wa mlongo wanga. Ukandichititsa manyazi pamenepo, baisho uzikaimbira matayala ako."

Kuntchito ndinali munthu wa ovololo wofanana ndi ena makumi angapo. Koma chifukwa cha bandi, amayi mu shapa, minibasi zathu zija, ankandisunthira malo, amvekere ndinu aja munaimba pa ukwati wa mwana wathu. Zimenezo sindinkafuna kuzisiyira munthu wa filiji.

Mwayi unachokera kwa kapitawo wathu wa ku Brazil, amene ankaimba kutchalitchi kwawo ndipo anali kulongedza zobwerera. Nditamudandaulira, anandipatsa kabokosi. M'katimo munali timafoni tiwiri tolowetsa m'makutu, kachipangizo kokoleka pa lamba, kena kolumikiza ku meza ya zokuzira mawu, ndi kabuku. Kabukuko ndinakawerenga katatu, ngakhale masamba a zilankhulo zimene sindizidziwa, kuopa kuti mwina abisamo china. Kanati timafonito tilowe mpaka phokoso lakunja lisamveke konse. Kanatinso woimba atsinzine ndi kumvetsera. Mawu amenewo ndinawadula mzere kunsi.

Meza inkayendetsedwa ndi mlamu wa mesitiri, mkulu wa zamagetsi wosalankhulalankhula. Anatembenuza kachipangizoko uku ndi uku, napeza bowo limodzi lotsala kuseli kwa meza, n'kundifunsa chimene ndikufuna kumva m'makutumo. Kabuku kanalangiza kuti muzikhala pang'ono pa aliyense: mawu a woimba, ng'oma, limba. Ili ndi tsamba lokhalo m'moyo wanga limene ndinalinyoza. Munthu wa njala ya zaka zitatu safunsa za ndiwo za anzake. Ndinati andipatse baisho yekha, china ayi. Mkuluyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, nachita zimene ndinapempha.

Ukwati unali mu salawu ina, holo ya maphwando, ku Matema, dzuwa lili paliwombo, malata akulira ndi kutentha. Wa ku Zimbabwe uja anali pa tebulo lakutsogolo, atapinda manja, ngati munthu wodikira kuti mpando utuluke mwini wake. Akazi anga anali ndi amayi anzawo kumbali ya mapoto.

Pa maukwati athu pali mwambo umene aliyense amaudziwa. Padirinyo, mkulu woimirira banja latsopanolo, akaimirira n'kuvula chipewa, chilichonse chimaima, ngakhale supuni. Mesitiri ankaliza mluzu ndi zala, kutali ndi maikolofoni, ife n'kudula nyimbo pomwepo. Kenaka ankatenga maikolofoni n'kukawagwirira akuluwo pakamwa, atawerama pang'ono, mpaka amalize. Chakudya sichigawidwa padirinyo asanakhale pansi. Ndiye padirinyo wa tsiku limenelo, malume a mkwati ochokera ku Tsangano, anali ndi mbiri. Ankayambira pa mvula ya chaka chimene mkwati anabadwa, n'kumabwera pang'onopang'ono, mpunga ukuzizira m'mapoto.

Tisanayambe nyimbo yachitatu ndinalowetsa timafoni tija, ndikukankha mpaka m'mene kabuku kananenera. Dziko lonse linangoti zii. Ndinkaona amayi atatsegula pakamwa kuimba nthungululu, koma opanda mawu, ngati nsomba. Ndiye ndinakhudza chingwe.

Abale, ndinadzimva. Baisho anali wonenepa, wofewa, akuyenda m'mutu mwanga ngati ng'ombe yokhuta ikubwerera kukhola. Ndinamva ngakhale khungu la chala likukhula chingwe. Ndinadzifunsa kuti kani zaka zonsezi anthu akhala akudya zokoma chonchi ine wophika osalawa? Nyimboyo inali yosavuta, mawu anayi obwerezabwereza, oti ukhoza kuyenda nawo mpaka ku Moatize osatopa. Ndinakumbukira mzere ndinadula uja. Ndinatsinzina.

Patapita kanthawi ndinamva kamtengo m'nthiti. Ndinati ohoo, mnzanga akuti sindikumveka, ndinalimbikira. Kamtengo kanabweranso, kawiri motsatizana, kowawa ndithu. Ndinati koma anthuwa lero akundifuna, ndinakumba zingwe ndi mphamvu zonse za munthu womasula matayala, mpaka kuwonjezamo tokometsera timene ndinali ndisanayesepo pagulu.

Zimene zinkachitika kunja kwa makutu anga ndinazimva pambuyo pake kwa akazi anga, ndipo akhala akuzifotokoza kwa mlendo aliyense wofika pakhomo pathu kufikira lero. Padirinyo anali ataimirira, chipewa chili m'manja. Mluzu unalira, anzanga onse anadula. Mlamu wa mesitiri, podziwa kutalika kwa zolankhula za akuluwo, anali atatuluka kale kukathira mafuta mu jenereta, ndiye pa meza panalibe woti andizimitse. Mesitiri anali atawerama ndi maikolofoni kutsogolo kwa akuluwo, ndipo kuchoka pamenepo kukanakhala chipongwe choposa changa. Ankangotembenuza khosi kundiyang'ana ndi maso ofiira, ine ndili chitsinzinire, ndikugwedeza mutu, kukamwa kuli mwee.

Padirinyo anadikira. Baisho osaleka. Anatsokomola, nayamba za mvula ija. Koma munthu wa ku Tsangano anakulira m'magule, ndipo akuti asanamalize za mvula, bondo lawo lamanzere linayamba kugwedera lokha. Mawu awo anayamba kugwera m'mapazi a baisho. Akati mwana uyu, baisho du du, tinamulera movutika, baisho du du. Amayi a kumapoto anayamba kuwomba m'manja motsatira. Akuluwo anayesa kuumitsa nkhope, koma phewa linawapandukira. Analumpha sukulu yonse ya mkwati, analumpha za ulendo wake wobwera ku Tete, anangoti ana inu muzikondana, muzilemekeza makolo, n'kuponya chipewa pa tebulo, n'kulowa m'bwalo. Woimba ng'oma anasiya kundibaya n'kuyamba kuimba. Salawu yonse inanyamuka.

Ine zonsezi osadziwa. Ndinadzidzimuka wina atandizula kafoni kamodzi, phokoso n'kundigwera ngati chidebe cha madzi. Anali akazi anga, chipande chili m'dzanja lina.

"Bambo a ana, anzanu anasiya kalekale, ayambiranso, inu mukadali pa nyimbo yomweyo. Tsegulani maso, mukuoneka ngati mukudwala."

Mpunga tsiku limenelo unadyedwa wotentha. Ine sunandilowe. Ndinakhala kuseli kwa koluna, mbale ili pamwendo, ndikuwerengera m'mutu mmene ndikawauzire anzanga a kumatayala kuti zoimba ndinazisiya ndekha chifukwa cha msana.

Tikulongedza zida, dzuwa likadalipo, mesitiri anandiitana. Akazi anga anabwera nawo osaitanidwa. Mesitiri anatambasula dzanja, ndinawapatsa timafoni tija. Anayang'anitsitsa timafonito, nafunsa kuti kakumanzere ndi kati. Nditawalozera, anapempha pulayala kwa mlamu wawo, n'kudula waya wake, kafoniko n'kuponya m'thumba la malaya.

"Khutu lamanja ndi lako, uzimvera baisho wakoyo. Lamanzere ndi la ukwati."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti kabuku kamaletsa kuvala kamodzi, pa tsamba lachisanu ndi chiwiri. Akazi anga anandiponda chala chakuphazi, ndinatseka. Mesitiri anandiuza kuti Lachinayi ndisachedwe koyeserera, ndiponso kuti ndikawatsinziniranso pa ukwati adzandimata zikope ndi guluu wa matayala anga omwe. Wa ku Zimbabwe anandipeza panja n'kundifunsa mwaulemu kumene timagulidwa timafoni totero. Ndinamuuza kuti n'kutali kwambiri.

Patangotha masabata awiri, kunabwera bambo wina kudzapempha bandi pa ukwati wa mwana wake. Atagwirizana zonse, anatsitsa mawu n'kunena kuti padirinyo wawo ndi munthu wabwino koma wautali m'kamwa, ndiye ngati n'kotheka tiwaikireko baisho pansi pa zolankhula, monga amachitira ku Brazil. Zaka zimenezo chachilendo chilichonse mu Tete chinkakhala cha ku Brazil. Mesitiri sanaseke. Anayankha kuti zimenezo zimafuna katswiri, koma mwamwayi ali naye, ndipo anandiloza ndi chibwano ine ndili pakona, ndikumata waya wodulidwa uja ndi tepi.