Kanyali Kachikasu ka a Sipanala

A Sipanala, monga ankatchedwera pagalaja, anakalambira pansi pa magalimoto. Zikhadabo zawo zinada mosachokanso, msana unapindika ngati chogwirira cha jeke. Galajayo anaiyambitsa okha, koma maso atayamba kuchita nkhungu anaisiya m'manja mwa mkamwini wawo. Iyeyu anamangapo shedi yamalata n'kugula kamakina kolumikiza kugalimoto kuti kazinena pamene pakudwala. Mkuluyo anatsala ngati wantchito wamba.

Kamakinako sankamvana nako. Zilembo zake zinali ngati nyerere, ndipo akapempha anzawo kuti awawerengere, yankho linkakhala lakuti, "Akuti mwakalamba, madala. Nambala ya vuto ndi imeneyo."

Chinawagwetsa ndi galimoto yoyera ya mayi wina, namwino. Kanyali kachikasu kochenjeza za injini kankangoyaka. Kamakina kanati vuto ndi sensa ya papaipi ya utsi, ija imayeza mpweya wotuluka. A Sipanala anaika sensa yatsopano, nambala inafufutidwa, kanyali kanazima. Posakhalitsa namwino anabweranso, kanyali katayakanso. Mkuluyo anatsuka polumikizira sensayo, anachotsa batire n'kubwezeranso. Kanazima, kenaka kanayakanso.

Ulendo wotsatira mkamwini anawaitanira pambali, koma analankhula mokweza kuti aliyense amve. "Bambo, ulemu ndimakupatsani. Koma galimoto iyi ikadzabweranso ndi kanyali kake, muzikakhala kunyumba, muzikaothera dzuwa."

Kunyumbako kunalibe munthu chimwalirire akazi awo. Kunali mpando umodzi ndi wailesi yakufa.

A Sipanala analowa pansi pa galimotoyo, anapapasa, anatchera khutu, koma khutu nalo linali litawathawa. Ankadziwa kuti sensa yatsopano singafe msanga choncho, kuti mwina pali waya amene wasupuka penapake. Komatu mawayawo anali opyapyala, obisika kuseri kwa injini, ndipo kubwereka maso a wina kunali kuvomereza kuti awo anatha. Anzawo atapita kukadya, anamasula dashibodi n'kumata kachidutswa ka tepi yakuda kuseri kwa galasi, pamwamba penipeni pa kanyali.

Namwino anapita akuthokoza. A Sipanala anayamba kuyenda monyang'wa, mpaka kuimba mluzu.

Patangopita masiku, galimotoyo inabweranso chokokedwa. Waya amene ankakhudza paipi yotentha anasungunuka n'kugundana ndi anzake, ndipo injini inazimira namwino pakati pa msewu. Mkamwini anadabwa kuona kamakina kakutchula mavuto ambirimbiri pomwe kanyali kali zii. Anatsegula dashibodi pamaso pa onse, mwini galimoto ataima pomwepo, n'kumatula tepi ija ndi chikhadabo.

"Tabwerani, bambo, mudzaone luso lanu."

Anawamata tepiyo pachipumi, n'kuisindikiza ndi chala chachikulu. "Eya, mwachira tsopano. Palibenso chikuyaka."

Anthu anafa nako kuseka. Wowotcherera zitsulo anachita kukhala pansi, akukuwa kuti, "Dokotala wa tepi! Mayi, atengeni kuchipatala kwanu, azikamata odwala pakamwa akamabuula."

Namwino sanaseke. Anawayang'ana mkuluyo nthawi yaitali, nati, "Agogo, mmenemu ndimanyamulamo ana anga."

A Sipanala anangoti njo, tepi ili pachipumi, kudikira kuuzidwa kuti azipita. Mkamwini anapukuta manja mosafulumira. "Apongozi sathamangitsidwa, anthu angandinene. Mukhala konkuno." Anatenga bokosi lawo la zida n'kulikhomera mu ofesi, iwo anawapatsa ndowa ndi nsanza.

Mpaka lero amatsuka magalimoto pageti la galajayo, maovolosi atanyowa mpaka m'mawondo. Mwana wawo wamkazi akamabweretsa chakudya cha mwamuna wake amalowera kukhomo lakuseri. Galimoto ikamalowa ikutsokomola, mkuluyo amaimitsa nsanza, n'kuitembenukira ngati atchule vuto lake, ndiye wina amakuwa ali m'shedi kuti, "Matayala, madala! Matayala akadali ndi matope!"