Sindinalire Pamaso pa Anyamata Anga

Asilikali anabwera m'mawa, nthawi yokolola thonje, nkhondo ya azungu ili mkati. Anandipeza ndikuphunzitsa pansi pa mtengo ku Makhanga. Mlandu wanga unali wakuti anyamata akuluakulu a pasukulu yanga anathawira m'mabango poopa kugwidwa utengatenga, ntchito yosenza katundu wa kunkhondo, ndipo akuti ndinawatuma ndine. Asilikaliwo anagwirako anayi okha, natimanga chingwe chimodzi mpaka kuboma.

Mzungu anandifunsa, kudzera mwa womasulira, kumene enawo anabisala. Ndinkadziwa, koma ndinati sindikudziwa. Anandigoneka chafufumimba pabwalo, anyamata anga ataimikidwa kutsogolo kuti aone. Msilikali wogwira chikoti cha chikopa cha mvuu anawerama nandinong'oneza: "Aphunzitsi, mulire msanga. Mzungu akamva kulira amakhuta."

Ndinamumva bwino. Koma anawa ankatengera zonse kwa ine, kayendedwe, ngakhale katsokomoledwe komwe. Ndikanalira bwanji iwo akuyang'ana? Ndinaluma dothi. Chikoti chinagwira ntchito yake mpaka mzungu anamva njala, napita kukadya. Msana wanga unali wa munthu wamkulu wozolowera nkhafi, choncho ndinapulumuka.

M'mawa mwake anaitana wamng'ono mwa anayiwo, mwana mmodzi yekha wa mayi wamasiye woumba mbiya, wowonda ngati bango. Anamufunsa funso lomwelo, iye nayankha ndi mawu anga omwe. Pogona pansi anandiyang'ana. Msilikali uja anamunong'onezanso, koma mwanayo analuma dothi monga anaonera. Ndinakuwa ndili pa unyolo kuti alire. Sanandimvere, mwina ankayesa kuti ndikumuyesa mtima. Tsiku limenelo mzungu anabwera atadya kale.

Anamwalira m'chitokosi sabata isanathe, mutu wake uli pamwendo panga. Atatu enawo anawasenzetsa katundu kupita kunkhondo. Ine ndinatsala kundende, ndikudula nkhuni za sitima zapamadzi mpaka nkhondo itatha.

Ananditulutsa m'nyengo ya mvula, Makhanga atazingidwa ndi madzi, ndipo ndinafika kwathu pabwato. Padooko anthu anandilandira ndi nthungululu, amuna akuuza ana awo kuti akadzakula adzalimbe mtima ngati aphunzitsi. Zinandinyansa. Ndinali mfulu, inde, koma ana anali atayambanso kundiyang'ana, ndipo maso amenewo ndimawaopa mpaka lero kuposa chikoti.

Ndinapita kwa mayi a mwana uja ndisanalowe m'nyumba mwanga. Ndinawapeza akukanda dongo. Sananditukwane, anandiyalira mphasa.

"Aphunzitsi, akuti mwana wanga sanalire, ngati inu. Nzoona?"

Ndinavomera kuti nzoona. Anapitiriza kukanda dongo lawo osadzutsa mutu.

"Enatu akuti ndinyadire," anatero. "Ine ndikanakonda akanalira, boma lonse limuseke, koma abwere."