Lenzi Yofika Kumanda

Ine sindikhulupirira munthu wogulitsa. Ngakhale mayi wa tomato pamsika wa Mayani ndimamuphwasulira mulu kuti ndione za pansi. Choncho nditaganiza zogula kamera yojambulira mbalame ndi tinyama ta m'mapiri, ndinkadziwa kuti penapake pali munthu amene akundidikira kuti andidyere masuku pamutu.

Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale sagula kamera yatsopano. Mnzanga wa kusukulu anandiuza za mchimwene wake wa ku Dedza boma, amene anabwera ndi makamera akale kuchokera ku Joni n'kumajambula maukwati mpaka mafoni atamulanda ntchito. Ndinapitako Loweruka lina. Bamboyo anali waulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandikayikitsa. Anandipatsa mpando, anandipatsa tiyi, kenaka anayala katundu patebulo: kamera yakuda yosupuka m'makona ndi malenzi awiri, magalasi aja omangirira kutsogolo okokera zakutali pafupi. Ina inali yaifupi ngati kapu. Inayo inali yaitali ngati mkono wanga, yolemera.

"Aphunzitsi, ndalama musathere pa kamera," anatero. "Kamera ndi bokosi chabe. Nyama imabwera ndi galasi."

Mumtima ndinati wayamba, akundikankhira ku yodula. Ndinayatsa tochi ya pafoni n'kuunika m'kati mwa lenzi yaitaliyo. M'mbali mwa galasi munali tinthu toyera tonga ukonde wa kangaude.

"Nanga ichi?"

"Chuku chimenecho. Chinyezi cha Dedza mukuchidziwa. Pakati sichinafike, chithunzi chimatuluka bwinobwino."

"Bwanji simunanene?"

"Ndimadikira kuti muone nokha."

Yankho la wakuba limenelo, ndinatero mumtima. Koma anachita chinthu chimene sindinkayembekezera. Anati nditenge kamera ndi malenzi onse awiri ndikayese kunyumba, pakuti mlongo wake, mnzanga uja, amandidziwa. Yaitaliyo ikanandimaliza mpaka ndalama ya feteleza, yaifupiyo ikanandisiyira kangachepe. M'minibasi ndinkangoganiza kuti msampha wake uli pati.

Ndimakhala kwa Lobi, kumudzi kwa mkazi wanga. Ndine mkamwini, wobwera, ndipo ndinakulira m'banja la mpingo. Abale a mkazi wanga ambiri ndi a gule wamkulu. Ine ndine wosameta, zawo sindizidziwa ndipo sindiyenera kuzidziwa. Tinkakhala bwino chifukwa ndinkadziwa polekezera. Mkamwini akataya chikhulupiriro cha eni mudzi, ngakhale atamanga nyumba ya malata amakhala ngati wogona pakhonde.

Vuto linali lakuti mitengo kwathuko inatha kalekale. Mapiri ameta mpala, m'munsi monse ndi chimanga ndi nyemba. Kankhalango kokha kamene kanatsala ndi ka kumanda, tsidya la dambo, moyang'anizana ndi khomo lathu. Nkhwangwa silowamo. Ndiye apusi onse, akadzidzi, njiwa ndi mbalame zobiriwira za mapiko ofiira zimene ndinkazilota zinathawira momwemo. Koma m'mbali mwa nkhalango yomweyo ndi dambwe, malo amene a gule amakonzekera, kumene wosameta saponda.

Kuponda sindinaponde. Ndinakhala pakhonde langa, n'kutsamiritsa lenzi pa kathumba ka nyemba pamwamba pa chipupa kuti isagwedezeke. Ndinayamba ndi yaifupi. Apusi ankaoneka ngati nyerere. Nditamanga yaitali ndinachita kufuula. Pusi wamkazi anali pomwepa, mwana ali pamimba, akusenda chimanga chakuba. Ndinaona mpaka zikope zake. Chuku chija sichinaoneke n'komwe, ndipo zinandiwawa pang'ono kuti wogulitsa uja ananena zoona.

M'mawa wina ndikutsatira pusi amene ankatsika mumtengo, galasi linatsika naye. Pansi pa mtengowo panali msana wa munthu wowerama, akumanga zinthu kumiyendo. Ndinachotsa diso msangamsanga. Batani sindinakanikize. Nkhope sindinaione.

Koma galasi lalikulu limanyezimira dzuwa likatuluka, ndipo amayi opita kuchitsime ali ndi maso. Madzulo a tsikulo kunabwera mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga, munthu wodziwika kudambwe. Anakana mpando, anakhala pachipupa pomwe panali kathumba kaja.

"Alamu, tamva kuti mwagula mfuti."

"Si mfuti, alamu. Ndi yojambulira apusi. Ndiponso sindinagule, ndikungoyesa."

"Tiyeseko nafe."

Ndinamusonyeza poika diso. Analoza kumanda osafunsa, ngati munthu wodziwa kale kumene akufuna. Anayang'ana nthawi yaitali, akutembenuza pang'onopang'ono. Atachotsa diso sanaseke. Ndinamupatsa kamera kuti aone zithunzi zonse, chimodzichimodzi. Apusi, nthambi zopanda kanthu, njiwa yothawa, apusi enanso.

"Zimene mwajambula taziona," anatero. "Nanga zimene mwaona?"

"Ndinaona msana wa munthu, ndinachotsa diso."

"Wa ndani?"

"Sindikudziwa."

"Galasi loonetsa zikope za pusi, msana wa munthu wa m'mudzi mwanu momwe osauzindikira?"

Ndinalumbira. Iye anangogwedeza mutu n'kunena kuti chabwino, mawu amene ine ndimauza ogulitsa ndikatsimikiza kuti akunama. Ndinkawadziwa bwino kamvekedwe kake.

Mkazi wanga sanalowerere. Anangoti, "Bambo, kodi apusiwo ndi abale anu?" Loweruka lotsatira ndinabweza lenzi yaitali n'kulipira kamera ndi yaifupi. Wogulitsa anadabwa, anafunsa ngati chuku chandikhumudwitsa, mpaka anatsitsa mtengo. Ndinakana. Kunena zoona mtima unandipweteka, pakuti chinthu chabwino chotero pa mtengo umenewo sindidzachipezanso. Pobwerera ndinadzera dala pakhomo pa mlamu wanga, kamera ili pakhosi, kuti aone yekha kuti yatsala ndi kamphuno kakafupi. Anaiyamikira kuti ndi yopepuka.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Ndinayamba kukwera Phiri la Dedza masiku opuma, kukabisala m'miyala kudikira mbira. Ndi lenzi yaifupi umayenera kukwawa mpaka pafupi, ndipo kawirikawiri ndinkabwera ndi chithunzi cha mwala wokha, mbira itathawa. Kumanda sindinalozenso ngakhale kamodzi. Pakhonde ndinkakhala chofulatira.

Mvula itatha, anamwalira malume a mkazi wanga. Iwowa ndi amene anandilandira m'mudzimo ndi kundidulira munda, ndipo atadwala ndinkawanyamula panjinga kupita kuchipatala. Ndinkawakonda ngati bambo anga. Pokhala munthu wamkulu wa gule, maliro awo anayenera kuperekezedwa ndi zilombo.

M'mawa wa tsiku loika, mlamu wanga anandipeza ndikuvala nsapato.

"Alamu, kamera ija tikusungireni. Anthu achuluka, ingabedwe."

"Ndi yaifupi ija, alamu. Siifika ngakhale padambo. Sindinaganize n'komwe zoitulutsa."

"Tikudziwa. Tingosunga."

Ndinaipereka. Ndinkaganiza kuti basi, koma anaimabe pakhomo, akuyang'ana pansi.

"Komanso shuga watha, ndi sopo wa adzukulu okumba manda. Akuluakulu akuti inu ndi amene mungagule bwino, simuberedwa. Koma mugule ku Mayani, kuno n'kodula."

Shuga analipo pagolosale ya pamphambano, tonse awiri tinkadziwa. Ku Mayani panjinga, ndi zitunda zimene zija, munthu sabwerako dzuwa lisanapendeke. Ndinayang'ana mkazi wanga amene anali pakhomo la siwa pamodzi ndi amayi anzake. Anandiona, kenaka anakonza mpango wake n'kuyang'ana kumbali.

Ndinapalasa njinga. Shuga ndinagula, sopo ndinagula, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinanenerere mtengo. Ndikutsika chitunda chomaliza ndinakumana ndi anthu akubwera kumanda, makasu ali pamapewa, dothi lofiira lili kumapazi. Mlamu wanga analandira katunduyo ndi manja awiri, anathokoza kwambiri, n'kundiuza kuti malume ayikidwa bwino.