Chiarabu chimene ndinamasulira ku Chawama

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anamangirira dishi ya TV padenga la nyumba yathu ku Chawama. Mwa matchanelo amene inakoka munali ina ya Chiarabu. Kwathu tinali a tchalitchi, panalibe womva chinenerocho, koma ine ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira pomwepo.

Pankaoneka bambo wa ndevu zotuwa, atavala zoyera. Ankayamba motsitsa ngati akunong'oneza iwe wekha, kenako mawu n'kukwera, n'kuduka mwadzidzidzi. Akatero kamera inkamuyandikira mpaka misozi kuoneka. Kumbuyo kwake kunkadutsa zithunzi za manda a mumchenga, dzuwa lofiira, wotchi yothamanga. Mtima unkandigunda, pampando osakhazikika, koma kuchoka ayi.

Tsiku lina tikuonera limodzi, mnzanga Mutale anandifunsa, "Nanga akamba chani uyu?"

"Akuti dziko izasila pa Chisanu," ndinayankha. Sindinkanama dala. Ndinali nditazikhulupirira ndekha.

Nkhani yoti dziko litha Lachisanu inafalikira pa mpopi. Mutale anasiya kudya, ndipo Lachinayi anakana kupita kukalemba mayeso. Amayi ake anabwera kwathu akukalipa. Amayi anga anandikoka khutu, n'kukaitana ba Amidu, telala wachisilamu woyandikana nafe, amene anaphunzirako Chiarabu ku madarasa.

Ba Amidu anakhala pansi, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kumvetsera pulogalamuyo kwa kanthawi. Kenako anaphimba TV ndi chitenje cha amayi.

"Manje mvera chabe. Ni liwu iti yamene abwezabweza?"

Popanda manda aja, ndinalimva bwinobwino: umm, umm.

"Iyo liwu mu Chiarabu ni mayi," anatero. "Akamba ati lemekeza amai bako bakali moyo. Vija vithunzi banaikako kuti mtima ugunde, mawu yangene bwino mukati mwako. Manje iwe unatenga mantha, mawu unasiya."

Ndinaweramitsa mutu, khutu likutenthabe.

Lachisanu linafika, kunagwa kamvula, basi. Mutale analemba mayeso ake yekha sabata yotsatira atakalipiridwa ndi aphunzitsi, ndipo anatha mwezi osandilankhula.

Lero ndikamaonera mlaliki pa TV, ngakhale wa kutchalitchi kwathu, ndimayang'ana kaye kukhoma kuti ndimve zimene wanenadi. Nthawi zina amakhala atanena zanzeru zoti ndizisunge. Nthawi zina ndimapeza kuti ndatsala pang'ono kulira chifukwa cha kuwala kwa magetsi ndi nyimbo yapansipansi.