Malungo a Bambo ku South Bend

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anadwala malungo m'dziko lopanda malungo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala kutsidya kwa nyanja mumzinda wa South Bend, kunja kukuzizira koopsa. Bambo anasiya kupita kuntchito n'kumangobindikira m'chipinda, makatani ali chitsekere, ndevu osameta. Lamlungu lililonse tisanatsike m'galimoto kutchalitchi, amayi ankandikumbutsa kuti akandifunsa ndinene kuti ndi malungo. Amalawi anzathu, ambiri mwa iwo manesi, ankangoti pepani. Onse ankadziwa kuti bambo sanaponde kumudzi kwa zaka zambiri, koma palibe anafunsa kawiri.

Amayi ankaperekera tiyi pamisonkhano ya payunivesite. Tsiku lina masana ananditenga, ine n'kukhala kumbuyo pafupi ndi makapu. Wolankhula anali mkulu wina wa ku Ireland, waimvi, amene anakhala phungu nthawi yaitali. Anafotokoza kuti ankati akaimirira m'nyumba ya malamulo kukamba za matenda a maganizo, anzake ankayasamula, ena n'kutuluka, koma iye sanaleke. Anati kwawo kale munthu akadzipha, abale ankalengeza kuti inali ngozi, ndipo kubisa kumeneko kunatha anthu ambiri. Atayamba kutchula zizindikiro za matendawo, ndinatchera khutu. Ankanena za bambo anga ngati anakhalapo m'nyumba mwathu.

Pobwerera ndinawauza amayi, m'Chingerezi monga ndinkachitira masiku amenewo, kuti bambo tiwatengere kwa dokotala wa maganizo. Anagwira chiwongolero mwamphamvu.

“Ukufuna anthu azinena kuti bambo ako apenga? Mawa lomwe nkhaniyo ikhala itafika ku Lilongwe. Tikupemphera, achira.”

Amayi sanali ouma mtima. Ankawakonda amuna awo, ndipo ankaona ngati akuwaveka. Ine ndinakwiya, komabe ndinatseka pakamwa poti mwana satsutsana ndi mayi ake.

Bambo anadzichotsera moyo kunja kutangoyamba kufunda. Mwambo wa maliro unachitikira ku Lawrence, mu Indianapolis, kumene kunali anzathu ambiri. Woyendetsa mwambo anati anawatenga ndi malungo aakulu, anthu n'kugwedeza mitu. Ndinalira mpaka mawu kutha, ndipo theka la kulirako unali mkwiyo.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anandifunsa chimene chinapha agogo ake. Amayi anali pomwepo, akupinda zovala. Ndinamuuza zonse, dzina la matendawo osalizungulira. Amayi, malaya ali m'manja, anati:

“Akunena zoona mayi akowa. Sanali malungo.”

Lero ndimamvetsa chifukwa chake mkulu uja ankaimirirabe anzake akuyasamula. Ife tinasunga ulemu wa bambo bwinobwino, palibe anawatchula wamisala. Koma bambowo sitinawasunge.