Galasi la aNambewe

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano tiyi wandizizirira m'kapu ndikuziganiza. Anzanga, ndikufuna mundimasulire, koma ndiyambe ndawauza amene sakudziwa zomwe zinandigwera.

Ine ndine wometa, shopu yanga ili kuseri kwa depoti. Sukulu ndinalekera panjira, choncho nzeru zanga zonse ndinazitola m'manyuzipepala omwe makasitomala amaiwala pabenchi. Kuwerenga komweko n'kumene kunandilowetsa inshuwalansi, ndipo ndinkayenda modzimva ngati munthu yekhayo wotsogola pamzere wonse wa mashopu. Tsiku la zipolowe zija anthu anathyola chitseko, kuphwanya magalasi onse, kunyamula makina ometera. M'mawa mwake anansi anabwera monga timabwerera pamaliro. ANambewe, mayi wogulitsa zitenje khomo loyandikana ndi langa, anasesa magalasi onse mpaka kukolopa. Akalipentala a pakona anakhomanso chitseko. Kenako aNambewe anakazula galasi la pawodilopu ya malemu amuna awo n'kudzandipachikira kuti ntchito isaime. Ine katswiri wa manyuzipepala sindinakumbukire kujambula chithunzi ngakhale chimodzi, ndinali kalikiliki kulandira anthu odzandipepesa. Bambo wa inshuwalansi atafika anapeza pansi pakuwala, ndipo anati sakuona chowonongeka. Nkhani yanga ikadali m'manja mwawo. Makina omwe ndikumetera pano ndi obwereka, mwini wake wayamba kale kuwafunsa, ndiye a inshuwalansi akandikana chipukuta misozi shopu yatsekeka basi.

Tsono m'malotomo kunali masana, dzuwa lili paliwombo. Ndili m'shopu, ndipo pampando wometera pakhala bambo uja wa inshuwalansi, suti yake yomweyo, nsalu ndamumanga kale m'khosi. Ndikameta mbali ino, mbali inayo tsitsi lamera. Ndikapita uko, lamera kuno. Ndinameta mpaka tsitsi la pansi linandifika m'mawondo, iye akungoyang'ana wotchi.

"A Mwale," anatero, "zipolowe zanuzo zili kuti? Ife timalipira zomwe taona."

Ndinati, "Bwana, zinapita kwawo. Sizinatsanzike."

Sanaseke. Ngakhale kutulo nthabwala zanga sizigulika.

Kenako shopu ija inayamba kuyenda, kunapezeka kuti ndi minibasi, kondakitala ali pakhomo akuitanira kuti, "Chipukuta misozi! Chipukuta misozi, watsala mmodzi!" Ndinakhala pa mpando wanga womwe wometera, ndipo anandilipiritsa ngati katundu. Tinatsikira pa chinyumba chachitali chopanda mazenera. Pamzere panalibe anthu, panali mashopu enieniwo. Kutsogolo kwanga kunaima golosale yopsa denga, ikununkha shuga wopserera. Kumbuyo kwanga butchala yopanda chitseko ikutsokomola. Sindinadabwe ayi. Ndinaipatsa moni golosale ija, inayankha bwinobwino. Inati inafika kalekale, ndipo anaiuza kuti moto womwe unaiwotcha si wa mtundu umene amalipira, ikanapsa ndi mbaula bwenzi zili bwino.

Ndiye anandiitana. Nditalowa, chipindacho chinali bwalo la mpira, pakati pali desiki imodzi. Bambo uja anali atafika kale, nsalu yanga ikadali m'khosi. Anati ndikatenge zidutswa zonse za magalasi ndizibwezere pomwe zinagwera. Ndinathamangira kudzala la kuseri kwa msika n'kuyamba kufukula ndi manja. Chidutswa chilichonse chomwe ndinatola chinali ndi nkhope ya kasitomala, wina wometedwa theka akundifunsa kuti ndimaliza liti, ali ndi ukwati. Ndinazithira m'thumba la malaya, koma pofika pa desiki zinali zitasanduka mtedza. Bambo uja anatola kamodzi, n'kulawa, n'kunena kuti umboni wanga ndi wauwisi.

Kenako ndinaona aNambewe atawaimika pakati pa bwalo, tsache lili m'manja, anthu atadzaza mbali zonse. Mlandu wawo unali wosesa. Sanaoneke amantha, chitenje atamanga cholimba m'chiuno.

"Achimwene," anandifunsa, "ine ndimati ana angaponde magalasi aja. Ndinalakwa kodi?"

Ndisanayankhe, bambo uja anatsegula chikwama n'kutulutsa mwala wokulungidwa bwino m'pepala ngati buledi. Anauika m'dzanja langa n'kundipindira zala. Galasi la pawodilopu lija linali litaima patsogolo panga lokhalokha, popanda khoma.

"Njira yake ndi yapafupi," anatero motsitsa mawu. "Gendani apa, ine ndijambule. Chitseko muchizulenso. Mayiwa anene kuti m'shopu mwanu sanapondemo. Mawa makina atsopano muli nawo."

Ndisakunamizeni, mkono unadzuka. Musandione kufatsaku, ine ndikamva za makina atsopano mtima umagunda ngati chigayo. Ndinawaona makinawo akuuluka pamwamba pa bwalo, mawaya ali lendelende, akulira kulira kokoma kuja kwa makina osakonzedwapo. Koma nditayang'ana m'galasimo simunali nkhope yanga. Munali malemu amuna a aNambewe akumanga tayi monga ankachitira Lamulungu lililonse, ndipo anandiyang'ana ngati ndalowa kuchipinda kwawo osagogoda.

Mkono unatsika. Ndiye ndinalankhula, ndipo mawu ankatuluka okha, osachita chibwibwi ngati mmene ndimachitira ndikaona tayi.

"Bwana, mwezi ndi mwezi ndinkakupatsani zanu. Simunaone moto, simunaone mwala, koma munkalandira. Lero ndi pamene maso anu ayamba kufuna kuona? Kwathu kuno munthu akagwa timamudzutsa, sitimusiya pansi kuti adikire wa kamera. Shopu yanga anaiphwanya kamodzi, ine sindiiphwanyanso ndi dzanja langa. Ndipo mayi awa sanama chifukwa cha ine. Mboni zanga ndi izi. Afunseni zomwe anasesa, afunseni kuti anataya mabigili angati a magalasi."

Nditangotero, anthu onse m'bwalomo anatulutsa matsache, sindikudziwa kuti anawabisa pati. Anatsika m'mbali zonse akusesa kulowera pakati, osathamanga, osatukwana, kungosesa. Golosale ija inabwera nayo ikutsimphina, butchala pambuyo pake. Fumbi linakwera mpaka dzuwa linafiira. Bambo uja anakwera pa desiki akukuwa kuti, "Izi ndi zipolowe! Izi sitilipira!" ANambewe anangomuuza kuti, "Kwezani phazi, bambo, tisese pamenepo," ndipo iye anakwezadi.

Ine ndinaika mwala uja pa desiki pake pang'onopang'ono. Ndinamuuza kuti ndibweranso, ndipo ndizibwerabe mpaka atatopa kuona dazi langali. Inde, wometa wa dazi, ndikudziwa, musayambe. Kenako ndinatambasula dzanja kuti ndimuvule nsalu yanga, poti nayonso ndi katundu wa shopu. Inakana kumasuka. Ndinakoka, iye anakoka, ndinakokanso ndi mphamvu zanga zonse.

Ndinadzidzimuka ndikukoka bulangete, mayi a kunyumba akukokera mbali inayo, akuti, "Bambo a Thoko, mukulimbana ndi ndani?"

Ndiye ndi zimenezo, anzanga. Mayi a kunyumba amasulira kale kuti ndi nyemba za dzulo. Ine m'manyuzipepala onse omwe ndinawerenga sindinapezemo tsamba la maloto, ndiye ndabwera kwa inu. Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi mkono uja, chifukwa unadzukadi, ndipo mwalawo unali wopepuka modabwitsa. Kodi zikutanthauza chiyani? Nanga tsitsi lomera ukamameta?

Lero ndi tsiku lomwe a inshuwalansi anandiuza kuti ndikamve za nkhani yanga ku ofesi kwawo. ANambewe avomera kutseka kaye zitenje kuti tipitire limodzi, akalipentala nawonso avala kale jekete. Amene muli ndi mphatso yomasulira ndiuzeni msanga tisananyamuke. Koma ngati kumasulira kwanu n'kwakuti ndingozisiya, kusungeni, mudzandiuze ndikabwerako.